Tikafika pa Uhud: Kaphiri, Phiri ndi Manda



Abale athu akabwerera ku Hajj kapena ku Umrah, pa zithunzi zomwe amationetsa pafoni sipalephera kupezeka chimodzi: munthu ataima pamwamba pa kaphiri ka miyala yofiirira, kumbuyo kwake kukuoneka phiri lalikulu lopanda mitengo. Mukafunsa kuti apa ndi pati, yankho limabwera msanga: pa Uhud, pomwe adagona Hamza. Mukafunsanso kuti nanga kaphiri mwakwerako nkachiyani, ambiri amayamba kukanda m'mutu. Sitikuwanena ayi. Basi ya ziyara imaima pamalopo kanthawi kochepa, dzuwa la ku Madina likuwotcha, woyendetsa ali pa changu chokafika ku Quba ndi ku Qiblatain nthawi ya Swala isanakwane. Zomwe munthu sadaphunzire ali kwawo sangaziphunzire m'kanthawi koteroko. Nchifukwa chake phunziro la ulendo uno tikuliika pa Uhud, kuti yemwe Allah adzamupatse mwayi wokafikako adzadziwe pomwe waima.

Malo ake

Phiri la Uhud lili kumpoto kwa Madina, pafupifupi makilomita 5 kuchokera pa mzikiti wa Mtumiki Muhammad (s.a.w). Ndi lotambalala kuchokera kummawa kupita kumadzulo, pafupifupi makilomita 7. Masiku ano mzinda udakula mpaka kufika m'tsinde mwake, moti pomwe padali minda ya tende ndi bwalo la nkhondo pali misewu ya tala, nyumba, poimika mabasi ndi ogulitsa malonda. Kuti malowa amveke, mlendo ayang'ane zinthu zitatu basi. Choyamba ndi phiri lenilenilo. Chachiwiri ndi kaphiri kakang'ono kummwera kwake, komwe kale kankatchedwa Aynayn, ndipo lero kamadziwika kuti Jabal al-Rumat, kutanthauza phiri la oponya mivi. Chachitatu ndi manda otchingidwa ndi mpanda pakati pa ziwirizi, pafupi ndi mzikiti wa Sayyid al-Shuhada. Chapomwepo pamadutsanso khwawa la Qanat, lomwe nthawi zambiri limakhala louma.

Mukakwera kaphiriko, yang'anani phiri, Madina ikhale kumsana kwanu. Pabwalo lomwe lili kutsogolo kwanulo mpomwe Asilamu adaima, koma iwo adafulatira phiri nkuyang'ana ku Madina. Izi zimadabwitsa ophunzira ambiri, chifukwa zikutanthauza kuti adani adali pakati pa Asilamu ndi mzinda wawo. Mtumiki (s.a.w) adasankha motero mwadala. Anthu ake adali ochepa, choncho adafuna kuti phiri liwatchinge kumbuyo. Mpata woopsa udali umodzi, mbali ya kumanzere kwawo, pomwe akavalo akadatha kuzungulira nkuwadzera kumsana. Kaphiri mwaimapoko ndiko kadali chitseko cha mpatawo.

Momwe zidayambira

M'mwezi wa Ramadhan, chaka cha 2 cha Hijra, chomwe ndi 624, Asilamu oposa 300 pang'ono adagonjetsa Akuraishi pafupifupi 1,000 ku Badr. Akuraishi 70 adaphedwa, ambiri mwa iwo akuluakulu a m'Makka. Pafupifupi banja lililonse lotchuka lidali ndi maliro ndi mkwiyo. Phindu la katundu wamalonda yemwe Abu Sufyan adamupulumutsa nthawi ya Badr adaligwiritsa ntchito pokonzekera kubwezera. M'mwezi wa Shawwal, chaka cha 3 cha Hijra, mu Malichi 625, adafika kumpoto kwa Madina ndi asilikali 3,000, akavalo 200, ndipo 700 mwa asilikaliwo adavala zovala zachitsulo. Adabweranso ndi azimayi ena, pakati pawo Hind bint Utbah, mkazi wa Abu Sufyan, yemwe bambo ake adaphedwa ku Badr.

Tsiku Lachisanu Mtumiki (s.a.w) adasonkhanitsa Maswahaba kuti amve maganizo awo. Iye mwini adaona kuti ndi bwino kudikira adaniwo mkati mwa Madina, momwe nyumba zothithikana ndi tinjira topanikiza zikadathandiza ochepa kulimbana ndi ambiri. Akuluakulu ena adagwirizana naye. Koma achinyamata, makamaka omwe adaphonya Badr, magazi awo ankawira. Adati kukhala m'nyumba adani akudyetsa ngamila m'minda ya Madina nchamanyazi. Maganizo awowo ndiwo adapambana, ndipo Mtumiki (s.a.w) adalowa m'nyumba kukavala zida. Atatuluka adapeza anthu aja akudzidandaula kuti amukakamiza, nkumamuuza kuti achite zomwe iye adafuna poyamba. Adakana. Nkhani idali itagamulidwa, zida atavala kale, ndipo sadafune kuti gulu lipite kunkhondo ndi mitima iwiri.

Adanyamuka anthu 1,000. Ali m'njira, Abdullah ibn Ubayy, mtsogoleri wa achiphamaso, adabwerera ndi anthu pafupifupi 300, akudandaula kuti maganizo ake adanyozedwa pomwe a ana adamvedwa. Adatsala 700. Mabanja awiri a Answari, Banu Salimah ndi Banu Harithah, adatsala pang'ono kutaya mtima nawonso, koma adalimba. Qur'an ikutchula zimenezi mu Surat Al Imran, ndime 122.

Ophunzira athu, gawo ili ndi lanu. Pamalo otchedwa Shaykhayn, Mtumiki (s.a.w) adayendera gulu lake nkubweza anyamata omwe adazembera m'mizere. Pakati pa obwezedwa padali Abdullah ibn Umar, yemwe adali ndi zaka 14, msinkhu wa ambiri a inu a Fomu 1 ndi Fomu 2, komanso Zayd ibn Thabit, Usamah ibn Zayd ndi al-Bara ibn Azib. Rafi ibn Khadij adaloledwa chifukwa adali katswiri wa uta. Mnzake Samurah ibn Jundub atamva, adadandaula kuti iye amamugwetsa Rafi akamalimbana. Adawalimbanitsa, Samurah adamugwetsadi, ndipo adaloledwa. Nkhaniyi timaikonda chifukwa cha nthabwala yake, koma onani mbali inayo. Mtsogoleri yemwe adani akumuchulukira kwambiri, akubwezabe ana kunyumba. Zayd yemwe adabwezedwa tsikulo ndi amene pambuyo pake adapatsidwa ntchito yosonkhanitsa Qur'an m'nthawi ya Abu Bakr. Choncho mukadzaona pafoni kanema wa munthu wobisa nkhope akugwiritsa ntchito dzina la Uhud pokopa anyamata kuti asiye sukulu akagwire zida, dzamufunseni za Shaykhayn. Nkhondo ya Uhud idamenyedwa pakhomo pa mzinda womwe udabwereredwa ndi adani, motsogozedwa ndi Mtumiki (s.a.w) mwiniwake, ndipo ana adauzidwa kuti apite kwawo.

Anthu 50 pa kaphiri

Loweruka m'mawa Mtumiki (s.a.w) adasankha oponya mivi 50, nkuika Abdullah ibn Jubayr kukhala mkulu wawo. Lamulo lidali lomveka bwino: athamangitse akavalo ndi mivi, ndipo asachoke pamalopo kaya aona anzawo akupambana, kaya aona akuphedwa, kufikira iye atawatumizira uthenga. Mbali imeneyo kudali asilikali apakavalo otsogozedwa ndi Khalid ibn al-Walid, yemwe nthawiyo adali asanalowe Chisilamu. Mbali inayo akavalo ankatsogozedwa ndi Ikrimah, mwana wa Abu Jahl.

Kuyamba kwake zidayenda bwino kwambiri. Mbendera ya Akuraishi inkanyamulidwa ndi a banja la Abd al-Dar, ndipo onyamulawo adaphedwa mmodzimmodzi, kuyambira Talhah ibn Abi Talhah, mpaka mbendera idagwa pansi popanda woitola. Hamza, Ali ndi Abu Dujanah, yemwe adamanga kansalu kofiira kumutu atatenga lupanga la Mtumiki (s.a.w), adang'amba mizere ya adani. Khalid adayesa kangapo kuzungulira, koma mivi ya pa kaphiri inkabweza akavalo ake. Akuraishi adayamba kuthawa, kusiya misasa ndi katundu, ndipo Asilamu a pabwalo adayamba kutola zosiyidwazo.

Tsopano imani pa kaphiri paja ndipo muone zomwe oponya mivi ankaona. Malowa ngaafupi, zonse zinkaoneka bwinobwino. Adani akuthawa. Anzanu akutola zida ndi katundu. Inu mwaima padzuwa kuyambira m'mawa, ntchito mwaigwira, ndipo tsopano mukuoneka ngati alonda a nyumba yomwe eni ake adasamuka. Adayamba kukangana. Ena adati nkhondo yatha, cholinga cha lamulo chakwaniritsidwa, palibenso chodikira. Abdullah ibn Jubayr adawakumbutsa mawu a Mtumiki (s.a.w), kuti lamulo lidatchula ngakhale nthawi ya kupambana. Sadamumvere. Pafupifupi 40 adatsika, iye nkutsala ndi anthu osapitirira 10.

Khalid adali asanathawe. Adaona kuti pa kaphiri pachepa anthu, adazungulira ndi akavalo ake, adapha Ibn Jubayr ndi anzake otsalawo, nkuwadzera Asilamu kumsana. Mayi wina wa mbali ya Akuraishi, Amrah bint Alqamah, adadzutsa mbendera ija, ndipo othawa aja ataiona adabwerera. Asilamu adapezeka ali pakati, mizere itasokonekera, munthu osadziwanso mnzake.

Ana ambiri akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti oponya mivi aja adali adyera. Tiyende pang'onopang'ono. Anthuwa adali m'gulu la 700 omwe adatsala pomwe 300 adabwerera. Adasankhidwa chifukwa chodalirika, ndipo nthawi yonse yomwe zinthu zidali zoopsa sadasunthe. Chidawasuntha ndi chipambano. Sadakanenso lamulo poyera, adangolimasulira mogwirizana ndi zomwe mitima yawo inkafuna nthawi imeneyo, nkudziuza kuti Mtumiki (s.a.w) sankatanthauza nthawi ngati iyi. Ife aphunzitsi mawu amenewo timawadziwa bwino, timawamva kwa wophunzira yemwe wakhoza mayeso oyeserera nkutseka mabuku, timawamvanso kwa akuluakulu osunga ndalama za gulu zinthu zikayamba kuyenda bwino. Qur'an siidabise cholakwacho. Ndime 152 ya Surat Al Imran ikunena poyera kuti padali kufooka, kukangana ndi kusamvera, ndi kuti ena adafuna za dziko pomwe ena adafuna za tsiku lomaliza. Abdullah ibn Mas'ud adanenapo kuti sankaganiza kuti pakati pa Maswahaba pali wofuna za dziko mpaka ndimeyi idatsika. Koma ndime yomweyo ikumaliza ndi kulengeza kuti Allah adawakhululukira, ndipo ndime 155 ikukhululukiranso omwe adathawa. Yemwe Allah wamukhululukira, ife tilibe mlandu naye. Dzina lomwe timaloweza ndi la yemwe adatsala, Abdullah ibn Jubayr.

A komiti, ndime 159 ndi yanu. Kugonjaku kudachokera pa maganizo omwe Mtumiki (s.a.w) sadawafune, kudzera mwa anthu omwe sadamumvere. Mtsogoleri wina akadanena kuti basi, kuyambira lero palibenso zofunsa anthu. Koma ndimeyi idatsika kumuyamikira chifukwa cha kufatsa kwake, nkumulamula kuti awakhululukire, awapemphere chikhululuko, ndipo apitirize kukambirana nawo.

Kukwera phiri

Mu chisokonezo chija Mus'ab ibn Umayr, wonyamula mbendera ya Asilamu, adaphedwa ndi Ibn Qami'ah, yemwe adaganiza kuti wapha Mtumiki (s.a.w) ndipo adafuula motero. Mphekesera idafala. Ena adathawira ku Madina, ena adakhala pansi manja atalefuka. Mtumiki (s.a.w) adali moyo, koma atavulala: dzino lidathyoka, nkhope idang'ambika, ndipo mphete ziwiri za chisoti chake chachitsulo zidalowa m'tsaya. Abu Ubaydah ibn al-Jarrah adazizula ndi mano, mano ake awiri nkuguluka. Talhah ibn Ubaydullah adatchinga ndi dzanja mpaka lidapuwala moyo wake wonse. Abu Dujanah adamuphimba ndi thupi, mivi ikulowa kumsana kwake. Sa'd ibn Abi Waqqas ankaponya mivi, Mtumiki (s.a.w) akumupatsira. Nusaybah bint Ka'b, yemwe adabwera kudzamwetsa madzi ovulala, adasiya thumba la madzi nkutenga lupanga, ndipo adavulala kwambiri paphewa. Aishah ndi Umm Sulaym ankathamanga ndi matumba achikopa a madzi kumsana. Gulu lochepali lidakwera pang'onopang'ono kulowa m'mpata wa phiri momwe akavalo sakadafika. Magazi a Mtumiki (s.a.w) atakana kuleka, Ali akuthira madzi kuchokera m'chishango, Fatimah adawotcha chidutswa cha mkeka nkupaka phulusa pabala, ndipo adasiya.

Abu Sufyan sadalowe mu Madina. Adafuula kuti tsikuli labwezera Badr, nkutembenuka. Kutacha Mtumiki (s.a.w) adatenga omwewo adamenya nkhondo dzulo lake, ovulala ndi otsimphina omwe, nkutsatira adaniwo mpaka ku Hamra al-Asad kuti asaganize zobwerera.

Ndime 144 idatsika pa za mphekesera ija. Ikukumbutsa kuti Muhammad (s.a.w) ndi mtumiki, atumiki ena adapita iye asanabwere, ndipo imfa yake sichifukwa chosiyira chipembedzo. Patapita zaka pafupifupi 8, Mtumiki (s.a.w) atamwaliradi, Umar atasokonezeka mpaka kukana kuti zachitika, ndime yomwe Abu Bakr adawerenga mumzikiti ndi yomweyi.

Kuseri kwa mpanda

Tsikani kaphiri, mupite pamanda. Mlendo salowa mkati, amaima kunja nkusuzumira pa mipata ya zitsulo. Muona dothi ndi miyala ingapo yosonyeza pomwe pali manda, popanda mayina, popanda zipilala. Kale pamanda a Hamza padali chomangidwa, koma chidagwetsedwa m'zaka za m'ma 1920 dera la Hijaz litalowa mu ulamuliro wa banja la Saud. Ena amakhumudwa kuti ayenda ulendo wautali kudzaona dothi. Kwa yemwe akudziwa mayina, dothilo ndi lokwanira.

Adagona pamenepa ndi anthu pafupifupi 70, ambiri mwa iwo Answari, eni mzinda wa Madina. Sadasambitsidwe, adaikidwa ndi magazi awo. Chifukwa chakuti okumba adali otopa ndi ovulala, ankaikidwa awiri kapena atatu m'manda amodzi, ndipo Mtumiki (s.a.w) ankafunsa kuti ndani mwa iwo adasunga Qur'an yambiri pamtima, nkumutsogoza ameneyo. Mabanja ena adayamba kunyamula abale awo kupita nawo ku Madina, koma adalamulidwa kuwabweza kuti akaikidwe pomwe adagwera.

Hamza ibn Abd al-Muttalib, bambo aang'ono a Mtumiki (s.a.w), adalasidwa ndi mkondo wa Wahshi, kapolo wochokera ku Abyssinia, yemwe mbuye wake Jubayr ibn Mut'im adamulonjeza ufulu akapha Hamza. Thupi lake lidadulidwadulidwa, ndipo Mtumiki (s.a.w) adamva chisoni chachikulu ataliona. Adaikidwa m'manda amodzi ndi mwana wa mlongo wake, Abdullah ibn Jahsh.

Mus'ab ndi yemwe ophunzira ayenera kumudziwa bwino. Ku Makka adali mnyamata wa m'banja lolemera, wodziwika ndi zovala zokongola ndi mafuta onunkhira. Atalowa Chisilamu mayi ake adamumana zonse. Ndi iye amene Mtumiki (s.a.w) adamutumiza ku Madina Hijra isanachitike kukaphunzitsa anthu Qur'an, choncho ambiri mwa Answari omwe agona naye m'mandamo adali ophunzira ake kapena ophunzira a ophunzira ake. Pomuika, nsalu yomwe adali nayo idaperewera: akaphimba mutu mapazi ankaoneka, akaphimba mapazi mutu unkaoneka. Mtumiki (s.a.w) adalamula kuti aphimbe mutu, kumapazi aike udzu wa idhkhir. Patapita zaka, Abdur-Rahman ibn Awf, atalemera, adapatsidwa chakudya chofuturu, adakumbukira nsalu ya Mus'ab ija, adalira mpaka chakudya adachisiya.

Anas ibn al-Nadr adaphonya Badr ndipo zinkamupweteka. Pa Uhud adadutsa anthu omwe adakhala pansi atamva mphekesera, nkulowa pakati pa adani. Adamupeza ndi mabala oposa 80, ndipo mlongo wake adamuzindikira ndi nsonga za zala basi. Amr ibn al-Jamuh adali nkhalamba yolumala mwendo, ana ake adamuletsa kupita, koma adakadandaula kwa Mtumiki (s.a.w) mpaka adaloledwa. Adaikidwa pamodzi ndi bwenzi lake Abdullah ibn Amr ibn Haram, bambo ake a Jabir. Palinso al-Yaman, nkhalamba ina yomwe idasiyidwa mu Madina koma idatsatira. Adaphedwa ndi Asilamu anzake mosadziwa mu chisokonezo chija, mwana wake Hudhayfah akufuula kuti amenewo ndi bambo ake. Hudhayfah adawapemphera chikhululuko omwe adawapha, ndipo dipo lomwe adayenera kulandira adalipereka sadaka kwa Asilamu. Olemba mbiri amatchulanso Mukhayriq, Myuda wophunzira wa mu Madina, yemwe adatuluka kukathandiza Mtumiki (s.a.w) ngakhale lidali Sabata, adaphedwa, ndipo minda yake ya tende yomwe adaisiya m'manja mwa Mtumiki (s.a.w) idasandutsidwa wakfu.

Zochita ndi zosachita pamalopo

Kupita ku Uhud si gawo la Hajj kapena Umrah. Yemwe sadafikeko, Hajj yake ndi yokwanira. Ndi ziyara ya kumanda monga zina zonse, ndipo zolinga zake ndi ziwiri: kuwapatsa salamu ndi kuwapemphera duwa omwe adagona, komanso kudzikumbutsa za imfa. Salamu yake ndi yomwe mudaphunzira kumadrasa, yomwe timapereka tikafika pamanda a kumudzi kwathu. Palibe Swala yapadera ya pa Uhud, ndipo sitiswali moyang'ana manda. Duwa timapempha kwa Allah, osati kwa Hamza kapena wina aliyense wa m'mandamo, ngakhale Qur'an pa ndime 169 ikutiuza kuti ophedwa panjira ya Allah ali moyo kwa Mbuye wawo. Pamalopo pali zikwangwani za zilankhulo zingapo zokumbutsa zimenezi, koma mumaonabe anthu akupukuta zitsulo za mpanda nkudzipaka kumaso, ena akuponya makalata mkati, ena akutola timiyala ndi dothi kuti akapatse odwala kwawo. Makolo, wachibale akabwera ndi dothi la pa Uhud mu kapepala, mulandireni mwaulemu koma musalisungunule m'madzi kumwetsa mwana. Mwana wodwala apite kuchipatala, duwa ipite kwa Allah.

Mtumiki (s.a.w) adanena za phirili kuti limatikonda ndipo nafe timalikonda. Tikaganiza kuti ndi pamalo pomwe adakhetsa magazi ndi kutaya bambo ake aang'ono, mawuwa ngolemera. Sadalisandutse malo a tsoka oti anthu aziwaopa.

Kukwera kaphiri sikoletsedwa, ndipo tanena kale kuti nkhondo imamveka bwino munthu ali pamwambapo. Kujambulanso si mlandu. Chomwe chimatikhumudwitsa ndi phokoso ndi kuseka, anthu akukankhana kufuna malo abwino a chithunzi, pamalo pomwe Ibn Jubayr ndi anzake adaphedwera chifukwa chokana kuchoka. Pafupi ndi mapeto a moyo wake, patadutsa zaka 8, Mtumiki (s.a.w) adapita kukawapemphera anthu a pa Uhud ngati munthu wotsazika amoyo ndi akufa omwe. Kenako adakwera pa mimbari nkuuza Maswahaba kuti chomwe akuwaopera si kubwerera ku mafano, koma kupikisana pa za dziko. Omwe adamumva adali kuikumbukira bwino nkhani ya pa kaphiri.

Musaiwalenso a mbali inayo. Khalid, yemwe adazungulira kaphiri, adalowa Chisilamu m'chaka cha 8 cha Hijra nkukhala mkulu wa asilikali wotchuka kuposa onse m'nthawi ya Abu Bakr. Abu Sufyan, Hind ndi Ikrimah adalowa m'nyengo yomwe Makka idagonjetsedwa mu 630. Wahshi nayenso adalowa. Mtumiki (s.a.w) adamulandira, adamufunsa momwe adaphera Hamza, kenako adamupempha kuti asamaonekere pamaso pake, chifukwa kukhululuka sikuchotsa ululu. Wahshi yemweyo ndi amene adalasa Musaylimah, mneneri wabodza, pa nkhondo ya Yamamah.

Omwe adatsala kunyumba

Manda 70 sakusonyeza akazi amasiye ndi ana omwe adatsala mu Madina, mzinda waung'ono momwe aliyense ankadziwa mnzake. Jabir ibn Abdullah, mnyamata, adatsala ndi ngongole za bambo ake ndi alongo ake ambiri. Pokwatira adasankha mayi wamkulu yemwe adakwatiwapo kale, kuti athe kulera atsikanawo ndi kuwapesa tsitsi, ndipo Mtumiki (s.a.w) atamva chifukwa chake adamuvomereza.

Nkhani ya Sa'd ibn al-Rabi ndi yomwe makolo tikufuna muimvetsetse. Sa'd ndi Mswahaba uja adafuna kugawana chuma chake pakati ndi Abdur-Rahman ibn Awf atangofika ku Madina. Adaphedwa pa Uhud, nkusiya mkazi ndi ana aakazi awiri. Mchimwene wa malemuyo adabwera nkutenga chuma chonse, potsatira mwambo wakale wa Aluya wakuti mkazi ndi mwana wosagwira lupanga salowa m'chuma cha masiye. Mayiyo sadakhale chete. Adatenga ana ake awiri kupita nawo kwa Mtumiki (s.a.w), nkufotokoza kuti bambo awo adafera pambali pake pa Uhud, ndipo tsopano anawo alibe kanthu. Mtumiki (s.a.w) adamuuza kuti Allah agamula. Zidatsika ndime za kagawidwe ka chuma cha masiye mu Surat al-Nisa, ndime 11 ndi 12. Mtumiki (s.a.w) adaitanitsa mchimwene uja nkumulamula kuti apereke magawo awiri mwa atatu kwa atsikanawo, gawo limodzi mwa magawo 8 kwa mayi awo, iye atenge zotsala.

Zomwe adachita mchimwene wa Sa'd sizachilendo kwa ife. Taonapo maliro asanathe nkomwe achibale a mwamuna atayamba kale kuwerenga malata ndi kufunsa za makiyi a golosale, ndipo ana ena adasiya sukulu pa chifukwa chimenechi. Amene amachita zotere nthawi zina ndi omwewo amagwetsa misozi akamva nkhani ya Hamza.

A Fomu 3 ndi Fomu 4, sabata yamawa mubwere mutawerenga Surat Al Imran kuyambira ndime 121 mpaka 179 pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, ndipo mujambule mapu a Uhud osonyeza phiri, kaphiri, khwawa, Madina ndi njira yomwe Khalid adadzera. Muwerengerenso izi pamodzi ndi makolo anu kunyumba: tiyerekeze kuti Sa'd adasiya K2,400,000 ngongole ndi zamaliro zitachotsedwa kale. Kodi mwana aliyense alandira zingati, mayi awo zingati, nanga mchimwene uja atsala ndi zingati pa ndalama zomwe adazitenga zonse?